Chikwama cha Laputopu Yosabadwa

Lolemba, 2 Marichi

Kalata ya ku koleji ya unamwino ndaiwerenganso kachisanu. Kukafika pa 30 mwezi uno. Zotenga: bulangete, ndowa, nsapato zafulati, wotchi ya masekondi, laputopu. Mawu omalizawo awadula mzere kunsi, ngati akundidziwa.

Laputopu m'nyumba muno ilimo imodzi, ya achimwene Aleck. Ine ndi alamu a Emma timaitchula Chigayo, chifukwa ikayaka imabangula ngati akugaya mgaiwa. Kulemera kwake theka la ndowa ya mbatatesi. Batani la E linagwa kalekale, amachita kubaya ndi kamtengo ka machesi. Ntchito yake kuonerapo mpira wa dzana ndi kulembapo pulogalamu ya kwaya kamodzi pa chaka. Basi.

Lonjezo lilipo. “Ndikagula ina, iyi ndi yako, Loyce.” Chaka chachitatu tsopano. Pabanja pathu zinthu zimatsika motsata msinkhu: njinga, jekete, foni ndili nayoyi. Wamkulu akapeza chatsopano, chakale chimagwera wamng'ono. Koma kupempha ndi mwano. Umadikira chigwe chokha ngati mango.

Ndipo ndingapemphe bwanji? Munthu wandiphunzitsa ndi mbatatesi chimwalirire bambo ndi mayi, ndikamulandenso chidole chake? Ayi. Koma mango akachedwa kugwa, mtengo timaugwedeza.

Lachitatu, 4 Marichi

Mulungu sagona. Mphekesera pa Fesibuku: kampani ina ya kunja akuti ikukonza laputopu yake mwatsopano, yopyapyala kuposa zonse zimene zinaonekapo. Zithunzi zobedwa, zachimbuuzi, ngati wojambulayo ankathamangitsidwa ndi galu. Wina akuti ituluka Okutobala. Wina chaka chamawa. Wina akuti bodza lokhalokha. Eni kampani ali chete.

Ndinadikira achimwene aweruke kumunda, asambe, adye. Munthu wanjala sasilira kanthu. Kenako ndinasiya foni pa mpando wawo, chithunzi chili poyera, ine ulendo kukatsuka mbale. Mbale zinayi, ndinatsuka theka la ola.

Pobwera ndinapeza akukulitsa chithunzi ndi zala zawo zikuluzikuluzo. “Ichi n'chiyani, lezala?” Nyambo yamezedwa.

Anafunsa kuti ituluka liti. Ndinati kumapeto kwa mwezi uno, ku Lilongwe. Zinangotuluka zokha pakamwa. Okutobala ndi kutali, ine wanga ndi pa 30.

Lachisanu, 6 Marichi

Tsiku lililonse supuni imodzi, ngati mankhwala a chifuwa. Dzulo ndinati imakwana mu envelopu. Zimenezo zinalembedwadi. Lero ndati batire yake imatha sabata. Zimenezo ndalemba ndine.

Alamu andigwira kukhitchini. “Iwe mwana iwe, ndikukuona.” Kenako kuseka mpaka kukhala pansi. Ali mbali yanga. Chigayo chimamaliza moto wa sola, iwo n'kulephera kumvera zidziwitso za maliro pa wailesi.

Madzulo achimwene ananyamula Chigayo ndi dzanja limodzi, kuchiyeza ngati nkhuku ya pamsika, n'kupukusa mutu. Pochibwezera pa shelefu sanachifunditse kansalu kake koluka kaja. Koyamba chigulire. Ndinathawira panja kuti asaone mano anga.

Loweruka, 7 Marichi

Tsiku la msika pa Lizulu. Matope, malole, kabichi mulu ndi mulu. Achimwene agulitsa mbatatesi yonse yotsala ya kudimba, osasiya ndi thumba limodzi lomwe. Lamulo la malemu bambo, amalinena chaka chilichonse ngati vesi: “Chakale gulitsa chatsopano chisanafike pa msika.” Ya mvula iyamba kukumbidwa sabata ikubwerayi, mitengo igwa.

Nkhani yanga yandipeza pa msika itanenepa. A Kizito atelala, aja amasoka pakhonde la golosale, andiuza motsitsa mawu kuti laputopu yatsopano imapindika ngati mpango wa m'thumba. Kondakitala wina akuti anaigwira ndi manja ake ku Dedza. Mayi wogulitsa anyezi wa tsidya la msewu, ku Mozambique, akuti ku Tete inafika kale ndipo imayankhula Chipwitikizi. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndimangoti eti? zoona?

Pobwerera ndinakhomerera msomali womaliza. Ndinati ikangotuluka, zakale zonse zidzakhala ngati mbatatesi ya chaka chatha, yophuka maso, yosafunsidwa mtengo. Achimwene anaima pakati pa njira. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Loyce, ndiwe katswiri. Unamwino ukungokuchedwetsa.

Lachiwiri, 10 Marichi

M'mawa achimwene anabwera ndi rula. Akufuna miyezo yeniyeni ya laputopu yatsopanoyo, mulitali, mulifupi, kukhuthala. Pa foni palibe amene akudziwa, aliyense akulota zake. Ndinalowa kuchipinda ngati ndikukafufuza, n'kuyeza kope lomwe ndikulembamoli. Analemba manambala pa chikhatho ndi bolopeni, n'kukwera njinga. Akukadzitama nawo kwa anzawo a bawo, ndikudziwa.

Ndakonza malo m'sutikesi, pakati pa bulangete ndi ndowa. Chigayo chikwana ndikachotsa nsapato za kutchalitchi. Iwo ali kumunda ndinachiyatsa kuyeserera kubaya E. Dzina langa lomwe likuthera pa dzenje limenelo. Zilibe kanthu. Ndizigula machesi.

Ndinachisisita pang'ono. Chonyansa, chaphokoso, koma changa.

Loweruka, 14 Marichi

Pa shelefu palibe kanthu. Kansalu koluka kopindidwa bwinobwino, ndi malo oyera a ngodya zinayi pakati pa fumbi.

Agulitsa.

Alamu anandiuza maso ali pansi. Kwa bambo wina wa tsidya la msewu, amene amathirira anthu nyimbo m'mafulashi. Chaja, chikwama chake chakale, ndi bokosi la machesi la basela. Achimwene abwera akuimba likhweru. “Ndachitaya chisanawole, mlongo. Ukanapanda kundichenjeza bwenzi nditagwira mbatatesi yophuka.”

Anandithokoza. Kundigwira paphewa n'kundithokoza!

Sindinadye.

Lamulungu, 15 Marichi

Ulaliki sindinaumve. Ndimangoona achimwene kutsogolo kwa kwaya, akumenya tenala mosangalala ngati sanaphe munthu dzulo.

Masana ndinayesa kubweza ng'ombe m'khola. Ndinati anthu akulemba kuti yopyapyalayo imapindika ukaikhalira. Ilibe pobayira fulashi. Mwina ichedwa. Zonsezi zinalembedwadi, lero lokha sindinaname. Anangoseka. “A nsanje amenewo. Amene alibe ndalama yogulira ndiwo amalemba zimenezo.” Choona chakanidwa pakhomo pamene bodza linalandiridwa ndi mpando.

Tsamba la pa Fesibuku lija lasinthanso. Tsopano akuti chaka chamawa, mwinanso ayi. Ndinazimitsa foni n'kuiponya pansi pa pilo.

Masiku khumi ndi asanu.

Lachitatu, 18 Marichi

Ndinawoloka msewu. Masitepe khumi, dziko lina. Chigayo ndinachimva ndisanachione, chikubangula m'kashopu ka malata, anyamata pa mzere ndi mafulashi awo. Achipukuta, achimata chithunzi cha timu ya mpira pamsana. Chikuoneka chosangalala, chosayamika.

Ndinafunsa bamboyo ngati angabweze. Anaseka ndi mano onse. “Mana, mlongo wanga, ndamva kukubwera yopyapyala. Igule iweyo. Yanga ndi yomweyi, mphepo ya pa Lizulu singaiulutse.” Munthu mmodzi yekha m'maiko awiri amene sanakhulupirire bodza langa, ndiye amene wadya phindu lake.

Ndipo akanavomera ndikanamupatsa chiyani? Wotchi ya masekondi?

Lachisanu, 20 Marichi

Alamu akuti ndiwauze. “Mbewa ya manyazi idafera kuuna.” Ndinati mawa. Anati dzulo unatinso mawa. Akuoneka kuti ali ndi mawu ena kukhosi, koma akumeza.

Ndiwauze chiyani? Kuti ndinawapusitsa ngati mwana? Pamaso pa a Kizito ndi gulu lonse la bawo, amene awalonjeza kuti adzaigwira mmodzimmodzi atasamba m'manja?

Komanso ndakwiya, ndilembe poyera. Lonjezo la zaka zitatu analigulitsa pa Loweruka limodzi osandiyang'ana n'komwe. Kalata yanga anaiwerenga okha mokweza, mzere wa laputopu anauwona. Akuwerenga masiku oti akadzigulire lezala lawo, ine ndikalowe m'kalasi ndi bolopeni. Munthu wodzikonda. Mutu ngati mbatatesi yomwe amalimayo.

Ndalira pang'ono kuseri kwa khola. Ng'ombe zimangondiyang'ana.

Lolemba, 23 Marichi

Ndikudutsa pa golosale, a Kizito anandikodola. “Katundu wa achimwene anu watha, apatsireni.” Kaphukusi ka nyuzipepala, kopepuka ngati mulibe kanthu. Sindinafike nako kunyumba. Ndinakatsegula pansi pa mtengo wa bulugama.

Chikwama cha laputopu. Chopyapyala, cha zipi, mkati mwake aika kansalu kofewa. Chasokedwa ndi chitenje cha malemu mayi, chobiriwira cha mbalame chija, chimene achimwene amasunga pansi pa sutikesi yawo osalola munthu kuchikhudza. Pakona, ndi ulusi woyera: LOYCE. Ndi E yemwe.

Ndinabwerera kwa a Kizito. Anadabwa kuti sindikudziwa. Akuti achimwene anabwera ndi manambala pa chikhatho, n'kuima pomwepo mpaka atawakopera. Akuti anati, “Mlongo wanga sangakalowe m'kalasi la anamwino atasenza chigayo, anzake azimuseka.”

Kunyumba alamu analavula zimene ankameza zija. Achimwene anawalumbiritsa kuti asanene. Kalata itangofika, achimwene anapangana ndi aphunzitsi ena a ku Sharpevale kuti agule laputopu yawo, yabwinobwino, mabatani onse alipo. Ya ine. Chigayo sichinali m'maganizo mwawo n'komwe. Atamva za yopyapyala anakawauza aphunzitsiwo kuti basi, apeza yoposa. Ya aphunzitsiyo inagulidwa ndi wina tsiku lomwelo. Ndalama za mbatatesi ndi za Chigayo aziphatikiza, akupita nazo ku Lilongwe Lachisanu.

Ndinafunsa alamu chifukwa chake anangondisiya. Akuti za aphunzitsiwo anazimva Chigayo chitapita kale. “Ndimayesa tikusewera, Loyce.”

Inenso ndimayesa choncho.

Lachiwiri, 24 Marichi

Chikwama ndinawapatsa achimwene. Anakhumudwa kuti ndachiona msanga, kenako anasangalala kuposa ine. Kutsegula zipi, kutseka, kutsegula. “Tangoganiza ikalowamo.” Anachipereka kwa ine ndi manja awiri.

Ndinati zikomo achimwene. Pakamwa pomwe paja pankatuluka mabodza okhaokha, lero choona chakana kutulukapo.

Lachinayi, 26 Marichi

Jekete yasitidwa, yapachikidwa pa chitseko. Nsapato zapolishidwa. Minibasi yoyamba mawa. Akukayenda shopu ndi shopu mu Lilongwe, munthu wamkulu ndi ulemu wake, kufunsa chinthu chimene sichinabadwe. Anyamata a m'mashopu adzamuseka mlimi wa ku Ntcheu, kapena choipa kwambiri, adzamugulitsa china chake n'kumuuza kuti ndi chomwecho. Laputopu ndingakabwereke kwa anzanga usiku ndi usiku, sindifa. Izi zokha ayi.

Ndayesa katatu lero. Kumunda, pa mjigo, pa nkhomaliro. Ndikangoti “Achimwene,” iwo “Ee, mlongo?” ndi nkhope yowala ija, ine n'kufunsa za feteleza.

Posachedwapa ndinatenga kope lino n'kulilowetsa m'chikwama muja, kungoyesa. Lakwana ndendende. Zipi yatseka osakakamira. A Kizito ndi telala, ndipo miyezo inali yoona, kungoti ya chinthu china.

Ndiye basi. Ndilitsekera momwemo, ndilisiya pa mpando wawo monga ndinasiyira foni, ine ndikatsuke mbale. Lero ndatolera ndi mapoto omwe.

Belu la njinga yawo likumveka kumtunda kwa khola.

Achimwene, yambirani pa 4 Marichi. Musakwere minibasi. Za zala zikuluzikulu ndi za mutu wa mbatatesi mungodumpha. Koma pamene ndinalemba kuti ndinu odzikonda paja, pamenepo musadumphe, muwerenge, kenako mundiitane, ndili kuseri kuno ndipo ine ndi—