Mpopi Wodonthera pa Nsapato Zanga

14 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Khalani kaye pansi musanawerenge, chifukwa mwana wanu wa dipuloma uja wagwira mbava ya mkuwa!

Paja ndinakuuzani za makina athu aakulu owotcherera zitseko zachitsulo, aja amaluma malata ndi nsonga ziwiri za mkuwa. Nsongazo zimakhala mwezi, koma zinayamba kuphwatalala ngati bowa m'masiku atatu okha, zitseko n'kumamatuka. Kapitawo analoza chala a Ndevu, amene ayendetsa makinawo zaka makumi awiri, ati akupala nsonga molakwika ndi tupa. "Likafika Lachisanu zisanasinthe, madala, mukapume kwanu."

Ine ndinakhuthula nzeru zonse za ku koleji. Kuyeza moto wa magetsi, uli bwino. Kuyeza mphamvu yofinyira, ilinso bwino. A Ndevu ankangondiyang'ana. "Aphunzitsi, mabukuwo akuti chiyani? Ana anga kunyumba akudikira yankho."

Lachinayi ndinakumbukira mawu anu a m'shedi yanu yowotcherera, aja ndinkawaseka, oti makina amawafunsa ndi dzanja. Ndinagwira paipi ya madzi oziziritsa nsonga. Bambo, kutentha kwake mukanaphikira tiyi! Madzi sankayenda, mpopi wake unali pafupifupi wotsekeratu. Nditautsegula zonse zinazizira, ndipo nsonga zomwe tinaika tsikulo zikulumabe mpaka lero. Anzanga anandinyamula m'mwamba, kapitawo akukuwa, "Wotseka mpopiyu ndimudziwe!"

Apa ndiye pagona nkhani. Mpopiwo unkadontha pomwe ndimaima ndikamalemba, ndendende pa nsapato zija Amayi anandigulira pomaliza maphunziro. Ndiye tsiku lina ndinangoupotokola pang'ono... mwamva kale.

Ndinaulula ndili m'mwamba momwemo, ndipo ananditsitsa msangamsanga. Kapitawo wandipatsa kalata yochenjeza ndi jombo zovala pa mpopi wodonthawo. A Ndevu anaseka mpaka misozi, ati sanaonepo mfiti ndi sing'anga ali munthu mmodzi. Ndinawapepesa pagulu. Ntchito yawo ilipo, yanganso idakali moyo.

Mundiperekere moni kwa Amayi. Muwauze kuti nsapato ndi zouma, zinazo mundisiyire ndidzanene ndekha. Nanga dzanja lanu la nyamakazi lija likupeza bwanji? Mulisamale chonde. Ku koleji ndinakhalako zaka zitatu, koma dzanja limene linagwira paipi Lachinayi lija ndi lanu lomwelo.

Ndine mwana wanu,
Wa dipuloma ndi jombo