Mzere wa Pabondo la Sjef

Lolemba, 9 Novembala 2009

“Pepani kukuvutitsani.” Ndi mmene ndayambira pa foni m’mawa uno, kachitatu chitulukireni mwamuna wanga Sjef m’chipatala. Mtsikana wa kwa dokotala wati ndim’patse panado, tione mmene zikhalire. Kwa iwowa chilichonse ndi panado, ngakhale mutu utaduka.

Lero ndi tsiku la 11 chimuikireni bondo lachitsulo. Bala lafiira m’mbali, likutentha. Annemiek, nesi woyendera odwala m’makomo, wajambula mzere ndi bolopeni kuzungulira pofiirapo. Akuti kufiira kukadumpha mzerewo ndiimbenso. Ndayeza ndi tepi yanga yosokera: masentimita 6 m’litali, 4 m’lifupi. Thupi 37.8.

Sjef: “Mlembi wamkulu wayambapo. Ulembenso kuti khofi wazizira.”

Zaka 36 m’banja. Ndalemba.

Lachiwiri, 10 Novembala

Kwadumpha, sentimita imodzi mbali ya mkati. Dokotala Van Gisbergen abwera okha lero. Asiya mapiritsi opha tizilombo ta m’bala, kanayi pa tsiku, asanadye, osadumphitsa. Ndajambula timabokosi kuseri kwa kalendala kuti ndizichonga akameza.

Riky, mchemwali wake wa Sjef, wabwera ndi supu wa nsawawa. Wasuzumira pansi pa bandeji nkuti, “Mien, mlamu, bala lotere limayamba ndi nsalu zakuda. Koma umasamba m’manja?”

Ine amene ndakolopa kusukulu zaka 22, osamvapo dandaulo. Ndimasamba mpaka zala zachita ming’alu. Supu wakeyo mchere wokhawokha.

Lachitatu, 11 Novembala

Onse anayi wameza, ndaona ndi maso anga. Pofiira paja 9 ndi 6. Sikukubwerera.

Lachinayi, 12 Novembala

Pofuna nambala ya chipatala m’dilowa, ndapeza kope ya fomu ija tinalemba mu Okutobala, opareshoni isanachitike. Zolemba ndi zanga, Sjef sagwira mafomu. Funso 6: kodi mumagwira nkhumba zamoyo? Pa AYI pali kamtanda kanga.

Tsiku lija ndinafunsa. Anati, “Nkhumba ndi za Teun tsopano, zili m’dzina lake. Chonga ayi.” Zoona, khola tinasiyira mwana wathu Teun. Koma m’mawa uliwonse Sjef amakhala m’kholamo, mpaka dzulo lake la opareshoni. Majombo ake wotsuka ndine. Anati akavomera amuchita ngati Harrie wa kutsidya kwa msewu, kum’bweza kunyumba milungu isanu, kenako kum’tsekera m’chipinda chayekha, manesi atadzikuta thupi lonse. “Miyezi isanu ndi iwiri ndadikira bondo limeneli. Sindine wakhate ine.”

Kuseri kwa fomu kuli timalemba ting’onoting’ono. Tsiku lija sindinatiwerenge. Lero ndawerenga katatu, chala pa mzere. Akuti ena ogwira ntchito m’makola a nkhumba amanyamula kachilombo pakhungu ndi m’mphuno, kosamva mankhwala wamba. Kakalowa m’bala pamafunika ena.

Mankhwala wamba. Omwe ndikuchonga kuseri kwa kalendala aja.

Ndamuonetsa Sjef. Wati ndibweze pepalalo m’dilowa, ndikaike mbatata pamoto.

Lachisanu, 13 Novembala

Mafinya pa bandeji, achikasu, onunkha. Thupi 39.1, akunjenjemera. Teun watitengera kuchipatala. Am’goneka m’chipinda cha anthu anayi, dilipi pamkono.

Dokotala wake ndi wamkazi, wamng’ono kwa Teun, dzina Dekkers. Watenga mafinya ndi kathonje, akuti zotsatira Lachiwiri. Ndafunsa ngati za m’dilipi ndi zina. Wati ndi mtundu womwewo wa mapiritsi aja, kungoti m’mtsempha zimafika msanga. Watinso tizilombo tikakhazikika pachitsulo, bondo lonselo amalichotsa. Miyezi pa mpando wamatayala, mwinanso osadzayenda bwino.

Kenako wayang’ana pa kompyuta. “Ziweto mulibe, eti, bambo Van Rooij?”

“Kagalu kokha, dokotala. Ndi mkaziyu.”

Chipinda chonse chaseka. Ine ndimayang’ana nsapato zanga.

Loweruka, 14 Novembala

12 ndi 8. Mzere wa Annemiek watsala pakati penipeni pa zofiira.

Ndamumva Riky pakhonde akuuza Teun, “Mayi ako amangolemba manambala m’malo mosamala mwamuna.” Teun sanamutsutse. Nkhumba ndi zake, akudziwa amene amazidyetsa m’mawa.

Bedi loyandikana pali a Willems, oyendetsa basi. Anawachita opareshoni ya chiuno Lachinayi, bala likadali laliwisi. Sjef akuwapatsira nyuzipepala, akuwagawira mabisiketi ndi dzanja lomwe wagwirira bandeji. Akazi awo andipatsa khofi wa m’fulasiki yawo. Ndalephera kumwa.

Ndakoka katani. “Sjef, tinene.”

“Tinene chiyani? Kuti mudzi wonse udziwe kuti ndinanama? Lachiwiri adziwa okha, tidzati sitimadziwa.”

“Mwendo wako sufika Lachiwiri.”

“Wakhala dokotala liti iwe, wa sitandade sikisi? Ndipo kamtanda kaja ndi kako, si kanga.”

Ndi kangadi. Kufika Lachiwiri ndi masiku atatu. Sentimita imodzi pa tsiku. Masamu amenewo ngakhale wa sitandade sikisi amawatha.

Lamulungu, 15 Novembala

Ku Misa sindinapite. Ndapalasa njinga m’mvula, fomu ili m’pepala la pulasitiki mkati mwa jekete. Dokotala Dekkers ndawapeza pakhonde, buledi ndi tchizi m’manja. Njira yonse ndimakonza zoyamba ndi pepani, koma ndangotambasula pepala, chala pa funso 6.

“Apa ndinalemba bodza. Amalowa m’khola tsiku lililonse. Nkhumba 800.”

Sanandikalipire. Aika buledi pansi nkuti, “Mukanatiuza Lachisanu, mayi.” Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ola lisanathe bedi la Sjef analikankhira m’chipinda cha kumapeto, chayekha, chikwangwani pachitseko. Botolo la dilipi asintha. A Willems awapaka kathonje m’mphuno ndi pabala, ine m’mphuno ndi kukhosi, Teun mawa. Akazi a Willems andidutsa osandiyang’ana. Mawa atsegula bala la Sjef kuti alitsuke. Lachitatu adzanena ngati bondolo likhale kapena lichoke, ndipo akufuna wachibale mmodzi adzakhalepo.

Kuti ndilowe andiveka chimkanjo chachikasu, magolovesi, chophimba kukamwa. Ngati kwa Harrie. Sjef wagona moyang’ana zenera.

“Wakondwa, mlembi?” Mawu ake onse a lero ndi amenewo.

Ndavundukula bulangeti ndekha, sanaletse. 13 ndi 9.

Nesi wati cholowa m’chipindamo sichituluka, ndiye tepi yanga yatsala pa kabati, pafupi ndi mano ake oikirira. Pansi pake ndasiya kapepala. Poyamba ndinalemba “Pepa”, kenako ndafufuta mpaka pepala kubowoka. Zotsala ndi izi:

Sjef, Lachitatu pakhale ine kapena Riky? Nesi ali ndi nambala ya kunyumba. Undiyankhe lisanathe Lachiwiri. Ukapanda kuyankha, sindibwera.