Mvula ya mu Kompuresa

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji ndi ana ku Milanje? Kuno ku Chipinge tili bwino, ndipo alamu, amuna anuwo, chifuwa chija chinatha.

Ku fakitale ya tiyi kwabwera makina a pulazima, odula zitsulo ndi magetsi ndi mpweya. Mmisiri wa ku Harare atawalumikiza, anauza alamu kuti "mvura" isalowe m'mapaipi. Alamu anakhoma denga lamalata pamwamba pa kompuresa, chopopera mpweyawo! Chonsecho m'Chishona mvura ndi madzi, amene amadikha m'thanki ya mpweya. Madziwo atalowa m'mapaipi, kamlomo ka makinawo kanapsa, ndipo foromani akufuna kuwachotsa ntchito. Ndamuuza kuti akatero atichotse tonse awiri. Thankiyo tsopano tikuikhetsa m'mawa uliwonse, ndipo Lolemba tidula chitsulo iye akuona.

Mutipempherere, Mulungu akusungeni. Amuna anu sabwerako chimanjamanja ine ndilipo.

Ndine mlongo wanu,
Lasitoni