Maluwa a Amayi Atuluka a Bulauni

Aphungu,

Ndine mtsikana amene ndikukwatiwa mwezi wamawa, koma m'malo mosangalala ndikungozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Chandisowetsa mtendere ndi maluwa. Musaseke, Aphungu, mumve kaye.

Ine ndi bwenzi langa tinasankha pepo kuti ukhale mtundu wa ukwati wathu. Madiresi a atsikana ondiperekeza ndi a pepo, mataye a anyamata ndi a pepo, ngakhale riboni ya pa keke ndi yomweyo. Wokongoletsa holo ndi mlamu wanga, mchemwali wake wa bwenzi langalo. Ndiyo ntchito yake, ndipo amaidziwa. Akalowa mu holo amayenda tepi yoyezera ili m'khosi, foni m'manja, akuloza apa ndi apo, ndipo munthu sumuyankha kawiri.

Amayi anga ndi telala. Anatilera ndi makina osokera, pakhonde la sitolo ina yogulitsa misomali ndi penti. Nditawauza za ukwati anangopempha chinthu chimodzi. Anati, "Diresi kagule kumene ukufuna, mwanawe, koma maluwa a pa matebulo ndi a pa mipando ndisoka ndine." Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinadula kachidutswa ka riboni ya pepo n'kuwapatsa kuti akagule nsalu yofanana nako. Nditafuna kuwaperekeza kusitolo anandikalipira: "Nsalu ndinayamba kugula iwe usanabadwe. Pita kuntchito uko."

Kuyambira pamenepo chipinda chawo chinkakhala chotseka. Ankati ndidzaone zonse zikatha. Loweruka lapitali anatiitana, ine ndi mlamu wanga, n'kutsegula chitseko akumwetulira. Maluwa anali paliponse, pabedi, m'mabeseni, m'majumbo olendewera pamisomali. Osokedwa bwino zedi, duwa lililonse lopindidwa ngati lenileni. Koma si a pepo, Aphungu. Ndi a bulauni, bulauni wa katoni ya sopo.

Amayi anatenga duwa limodzi, n'kuliika pawindo pambali pa kariboni kanga kaja. Anati, "Taona mmene zafananira. Wa m'sitolo uja amafuna kundipatsa nsalu ina, ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito." Pomwepo ndinakumbukira kuti masiku ano amandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi pa singano, ati magetsi ndi ofooka. Ndinakumbukiranso mayi wina amene anabwera kudzatenga siketi yake isanathe, ndipo sanabwerenso. Maso a amayi akutha. Kaya iwo sakudziwa, kaya akudziwa koma sakufuna kumva, ine sindinganene. Ndinangoti, "Zokongola, amayi."

Titangotuluka pageti mlamu anandigwira pamkono. "Mlamu, zimene zija sizilowa mu holo muja. Anthu adzajambula, adzati ndakongoletsa ndine." Kenako anatsitsa mawu. "Tisawauze kanthu. Ndili ndi maluwa a pulasitiki a pepo, tidzaika amenewo. Si waona wekha kuti sakusiyanitsa? Iwo adzasangalala, ifenso tidzasangalala."

Nditamufotokozera bwenzi langa anangoti, "Ine bola iweyo ukhalepo, maluwa akhale a mtundu uliwonse," n'kubwerera ku mpira pafoni. Ndinafuna kumuphwanyira foniyo.

Mtima wanga sukukhazikika. Kuntchito akandifunsa kanthu ndikumayankha zina. Ndikawauza amayi zoona, ndiye kuti ndawauza kuti ntchito imene yawasunga moyo wawo wonse yatha. Ndikaika maluwa awo, ndilowa m'banja la eni ndi mkangano. Ndipo sindikubisirani, nanenso pepo wangayo ndinkamufuna. Nzeru ya mlamu ikundikoka, chifukwa ikuoneka kuti palibe amene alire. Ndivomere, Aphungu?

Ine wosowa pogwira,
T.M.

Mwana wanga T.M.,

Usavomere. Chifukwa chake ndikuuza kumapeto, koma yankho ndi limenelo.

Wandilembera za maluwa, koma nkhani yaikulu m'kalata yakoyi ndi maso a amayi ako. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, pamene masowo ndi amene amadyera. Pita nawo kuchipatala cha maso sabata ino, usadikire kuti phwando lidutse. Ine si dokotala, ndipo sindinganene chimene chawavuta. Koma mavuto ena a maso, monga ng'ala, amachizika ndithu, munthu n'kubwerera pa makina ake. Iwe ukulira maliro a ntchito yawo dokotala asanawaone n'komwe.

Za mtundu wa maluwawo uwauze wekha, muli awiri, chitseko chotseka, mlamu palibe. Yamba ndi zoona zimene zili zokoma, kuti palibe telala wina akanapinda duwa choncho. Kenako unene mosazungulira: "Amayi, ine ndikuona bulauni, inu mukuona pepo. Tiyeni kuchipatala akatione maso." Adzakwiya, mwina adzakuthamangitsa m'chipindamo. Pirira. Kuli bwino amve kwa mwana wawo kusiyana n'kudzamva kwa mlendo wokhuta keke akufuula kuti, "Bulauni wake wokongola bwanji!"

Tsopano za zokongoletsa. Bulauni si matenda, mwanawe. Wamuona ali mulu pabedi, m'chipinda chamdima, mtima uli m'mwamba, ndiye n'chifukwa chake wakukumbutsa katoni. Tenga maluwa angapo upite nawo ku holo masana. Yala nsalu yoyera patebulo limodzi, ika maluwawo pakati, uwamange ndi riboni ya pepo, uwonjezere timasamba tobiriwira. Uyang'ane magetsi ali ozimitsa, uyang'anenso ali oyatsa, ujambule pafoni. Mtundu suusankha m'mutu kapena pa chithunzi cha ukwati wa eni, umausankha pamalo pamene udzakhale. Ukhoza kudabwa mmene pepo amawalira akakhala ndi mnzake wodekha pambali.

Wina akuuza kuti munyike maluwawo mu utoto wa nsalu. Ngati ukufuna, yesa duwa limodzi lokha, amayi akudziwa. Nsalu zina zoterera sizimwa utoto, zimangotuluka mawangamawanga. Njira yosavuta ndi yoti amayi asokerere kakatikati ka pepo pa duwa lililonse la patebulo la akwati. Ulendo uno kusitolo mupitire limodzi, akukalipire m'njira yonse, koma usabwerere.

Sikuti maluwa onse a m'majumbowo alowe mu holo. Tebulo likadzaza kwambiri alendo amasowa poika mbale, ndipo saonana nkhope. Maluwa a amayi akhale patebulo lanu ndi pa matebulo a makolo. Otsalawo apatseni alendo popita, aliyense duwa lake.

Mlamu wako usamutenge ngati mdani. Akuteteza dzina lake, monga mmene amayi ako akutetezera lawo, ndipo onsewa amadya za manja awo. Musiyire nsalu ya kumbuyo kwa akwati, khomo lolowera ndi magetsi, achite pepo yense amene mtima wake ukufuna. Umuuze mwaulemu kuti, "Mlamu, ndithandize kuti maluwa a amayi aoneke bwino, iwe ndiwe katswiri." Wokongoletsa weniweni sathawa ntchito yotere. Akafuna, wolengeza adzanene poyera kuti maluwa a patebulo asoka ndi amayi a mkwatibwi, kuti aliyense alandire ulemu wake.

Koma bwenzi lakolo aike foni pansi. Mlamuyo ndi mchemwali wake, ndipo ndi iyeyo woyenera kumuuza kuti, "Maluwa a apongozi anga alowa." Mwamuna amene akuthawa nkhani ya maluwa lero adzathawanso zazikulu mawa, choncho muyambe kuzolowerana panopa.

Chenjezo langa ndi ili. Mlamu wako akuganiza kuti amayi ako amadziwa ntchito yawo ndi maso okha. Walakwa. Telala akafika pamene pali nsalu sayamba n'kuyang'ana, amagwira. Tsiku limenelo amayi ako adzalowa mu holo atavala bwino, adzakhala pampando wawo, ndipo nyimbo zisanayambe n'komwe dzanja lawo lidzapita lokha pa duwa la patebulo, kufuna msoko wawo. Zala zimenezo zikadzakhudza pulasitiki, sadzakufunsa kanthu, sadzakuchititsa manyazi pagulu. Adzangobweza dzanja, n'kuliika pamwendo, n'kumamwetulira anthu mpaka phwando lithe. Iweyo udzakhala uli kutsogolo mu diresi loyera, ndipo udzaona.

Aphungu