Buledi wa Bambo Fyodor

Balbriggan, Dublin

Okondedwa achimwene a Norbert,

Muli bwanji kumeneko ku Mchinji, inu ndi alamu ndi ana? Bondo la amayi lija lasiya kutupa? Ine kuthupi ndili bwino. Mumtimamu ndiye ayi, ndadzichititsa manyazi, ndipo pakamwa panga pomwe paja mumapadziwa.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira kuli gogo wina wa ku Russia, mayi Galina, amene anatsatira mwana wake kuno. Safuna kusambitsidwa ndi wina aliyense koma ine. Tilinso ndi mtsikana wa ku Japan, Natsumi, wofatsa ngati nkhosa, amene tinayamba naye ntchito chaka chino.

Lachiwiri lapitali ndinapeza mayi Galina ataika patebulo chithunzi cha msilikali, ndi tambula ya mowa wa kwawo yovundikiridwa ndi kabuledi kakuda. Anandiuza kuti amenewo ndi bambo awo a Fyodor. Akuti mu 1939 asilikali a Russia ndi a Japan anamenyana polimbirana malire ku Mongolia, pa mtsinje wa Khalkha, ndipo bambowo anatsala komweko iwo ali khanda. Mwezi wa Ogasiti uliwonse amawakumbukira motero.

Achimwene, apa m'pamene mutu wanga unandinamiza. Ndinakumbukira chimbuya chathu cha Angoni ndi Abemba, kuti popeza makolo anabayana kalekale, ife lero timanyozana n'kumaseka. Suja pa maliro a atate, Abemba aja anatipaka ufa kumaso, n'kutilanda nkhuku, ife n'kupepukidwa mtima? Ndinati nawonso awa nkhondo yawo ndi yakale, ndiye kuti ndi pachimbuya basi.

Ndinamukoka Natsumi pakhonde n'kulowa naye m'chipindamo, ndikuseka. Ndinauza gogoyo kuti nayu mbuya wake wabwera, mdzukulu wa omwe anamaliza bambo ake. Kenaka ndinatola buledi uja pa tambula n'kumupatsa mtsikanayo kuti adye, ndi gawo lake. Iye posamva bwino zomwe ndimanena, analuma mwaulemu.



Mayi Galina sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa ngati atate athu ali ndi manda. Ndinavomera. Iwo anati awo alibe, mtembo sunapezeke, ndipo tambula ija ndi buledi uja ndiwo manda okhawo amene ali nawo. Natsumi atazindikira chomwe wadya, anawerama mpaka mutu kufika m'mawondo, misozi ili chuchuchu, kupepesa mlandu umene si wake.

Paja amati kwa eni kulibe mkuwe. Ine ndinakuwa, kukuwira pamanda pa eni ake.

Amanijala angondichenjeza, ntchito ilipo. Koma gogo uja sakundifunanso. Ndikalowa amatembenukira kukhoma. Amene akumusambitsa tsopano ndi Natsumi, ndipo dzulo ndinawaona pazenera awiriwo atagwirana manja. Natsumiyo tikakumana pasiteshoni amandipatsa moni wa mlendo. Ndinagula buledi wakuda kusitolo ya anthu a ku Poland, koma ndabwerera naye kawiri pakhomo pa chipinda chawo. Manyazi achita kundimanga miyendo.

Tsono pempho langa ndi ili. Mwezi wa Novembala mukamakalambula kumanda pokumbukira mizimu ya omwalira, mukasese kamalo pambali pa atate, muikepo mwala. Potchula mayina m'pemphero, mutchulenso dzina la Fyodor. Mukalephera kulitchula bwino palibe kanthu, Mulungu amudziwa. Mujambule n'kunditumizira pa foni, mwina ndingapeze pogwira polowa m'chipinda chija. Amayi akafunsa kuti Fyodor ndani, muwauze zoona: ndi munthu amene ine mwana wawo ndinamunyoza pamanda pake.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, ndi a Manfred ndi banja lawo. Mwana wanu Rodwell mumuuze asiye kujomba kusukulu. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Getrude