Tiyi wa Dokotala Pritchard

Okondedwa azakhali a Gwenda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Perth. Kuno ku Swansea mvula siikukata.

Unamwino ukuyenda, koma ndikufuna maphunziro oti ndizilembera odwala mankhwala ndekha. Salola popanda dokotala wokuyang'anira. Onse pachipatala pathu anandikana, kutsala a Pritchard, osaseka aja. Ndinati ndisanawapemphe ndiyambe ndawafewetsa ndi tiyi ndi masikono tsiku lililonse.

Dzulo anandiitanira mu ofesi atavala tayi. Ndinati basi, zatheka! Iwo amvekere, "Bronwen, chimwalirire mkazi wanga palibe anandisamalapo chonchi. Lamlungu mukaonane ndi mayi anga."

Azakhali, za maphunzirozo sindinawapemphebe, ndipo kulembetsa akutseka Lachisanu. Za Lamlunguzo sindinakane.

Kodi chipewa chanu chapaukwati chija chikadalipo?

Ndine mwana wanu,
Bronwen