Tinathokoza Bwana, Ulalo Osautchula

Amayi,

Kaya kwacha bwanji kumeneko? Ife kuno ku Machinjiri tilipo, kungoti lero ndikulemba ndili wokwiya, ndisakunamizeni.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Fulanko, anachira mwezi watha. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kumunda kwanu nandolo wachita bwino, koma chimanga chinapserera.

Chandikwiyitsa ndi ulalo wamitengo uja wa pakhwawa, pamene munagwera pochokera ku Misa, n'kuthyoka chiuno, osadzukanso. Papita zaka zitatu, ulalowo ukadali womwewo, ndipo mitengo iwiri yawola. Ana asukulu akuwolokabe pomwepo, mvula nayo ili pafupi.

Ndili kunyuzipepala ndinalemba za ulalowu kawiri, inu muli moyo. Kuwerenga simunkadziwa, koma dzina langa munkalizindikira, moti tsamba limenelo simunkakulungira usipa kumsika wa Chirimba. Anzanu ankakulungira. Nditakuikani ndinasiya utolankhani, n'kuyamba kutsogolera kabungwe kothandiza anthu kudzilankhulira okha pamaso pa akuluakulu.

Miyezi inayi ndakhala ndikukonzekeretsa anthu a m'dera lathu lino. Tikakhala tokha, ukali wake! Mayi Semba, anzanu a kwaya aja, ankalumbira kuti bwana akadzabwera adzamukoka jekete mpaka pakhwawa.

Lachinayi bwana woona za misewu anabweradi, n'kunena kuti ali ndi ola limodzi basi. Tinayamba ndi pemphero. Kenako nyimbo zolandirira alendo, zitatu zathunthu. Kenako kutchulana maudindo, aliyense kuimirira ife tikuwomba m'manja, mpaka wachiwiri kwa mlembi wa komiti ya maliro. Mayi Semba atapatsidwa mpata anagwada, n'kuyamba kuthokoza: kuthokoza Mulungu, kuthokoza ulendo, kuthokoza ndi dalaivala yemwe. Pomwe ankati tili ndi kadandaulo kakang'ono, n'kuti galimoto italira kale.

Koma amene ndamukwiyira kwambiri ndine ndemwe. Bwanayo ataimirira anandiyang'ana n'kufunsa, “Mayi, pali china?”

Amayi, ine Sitela, amene ndakhala zaka khumi ndi zisanu ndikupanikiza mabwana ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu, ndinangopezeka ndagwada. Ndinati, “Ayi bwana, tangothokoza kubwera kwanu.” Anthu a kwathu anali atandizungulira, ndipo ndinaopa kuti anena kuti mwana wa malemu alibe mwambo. Bwanayo wapita osamva n'komwe mawu akuti ulalo.

Mlandu wina ndi wanu, musakane. Ndani ankandikoka khutu ndikayang'ana munthu wamkulu kumaso? Mpaka lero ndimakumvani: “Iwe Sitela, maso pansi.” Kuofesi sizinkandigwira, koma pano pakwathu zandigwira, ndipo zandiwawa.

Ndamulembera kalata bwanayo, ndipo wavomera kubweranso sabata yamawa. Ulendo uno palibe mipando, palibe nyimbo. Ndikamulandirira kutsidya kwa khwawa, ndipo kuti afike pamene tasonkhana, aponde yekha mitengo imene munaponda inuyo. Akakafunsa chifukwa, ndikamuyang'ana m'maso n'kumuuza dzina lanu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti mdzukulu wanuyu sadzawoloka pamitengo imeneyo. Koma Lachinayi likudzali mundikhululukire, ndikachita mwano.

Ndine mwana wanu,
Sitela